Fileti ya ng'ombe yowotcha ndi sosi ya tchizi, mmene ndimaphikira kuno ku Mangochi

Kuno kwathu mukangoti kukubwera alendo aliyense amathamangira chambo, ndipo sindikutsutsa ayi, chambo cha pamakala chofinyira kandimu palibe amachikana. Koma pali nyama ina mu ng'ombe yomwe timaidutsa tsiku ndi tsiku pa butchala, ena amachita kuigula osaizindikira nkukaiponya mu poto limodzi ndi mafupa kuiwiritsa maola awiri ndi matimati, ndipo ine zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa mu ng'ombe yonse ija mulibe nyama ina yofewa kuposa imeneyi. Ndikunena fileti. Ndinaphunzira kuiwotcha nthawi yomwe ndinkagwira ntchito ku khitchini ya loji ina mbali ya ku Makawa, ndipo mpaka pano ndimaiphika pakhomo pakakhala chinkhoswe chaching'ono kapena achemwali anga akabwera ndi amuna awo kuchokera ku Lilongwe.

Fileti imakhala mkati mwenimweni, kunsi kwa fupa la msana, kuyambira pa nthiti zomaliza kudutsa pomwe pali impso mpaka kukalowa m'chiuno. Ng'ombe iliyonse ili nazo ziwiri basi, ina kumanja ina kumanzere. Mnofu umenewu sugwira ntchito yolemetsa, ng'ombe kaya iyende kuchokera ku Namwera kutsika mapiri a Chowe mpaka pa Boma, zomwe zimalimba ndi miyendo ndi khosi, iyo imangokhala phee, nchifukwa chake ilibe mitsempha yovuta kutafuna. Koma ilibenso mafuta ambiri, nde apa mpomwe pagona nkhani yonse. Nyama yopanda mafuta ikakhalitsa pamoto siifewa ngati mmene imachitira ya mwendo kapena mchira, iyo imauma, imasanduka ngati chisanza chotafuna. Komanso payokha fungo lake la ng'ombe ndi lochepa, nde sosi ya tchizi ija imabwera kudzaikapo kunona komwe nyamayi ilibe.

Kuipeza kwake nkomwe kumafuna nzeru. Pamsika mukudziwa mmene amadulira, chikwanje kapena nkhwangwa pa chipika, mnofu ndi fupa zonse limodzi pasikelo, nde mukafika cha m'ma 10 koloko fileti inapita kale, kaya aiduladula kaya anthu a maloji anaitenga m'bandakucha. Pitani dzulo lake mukalankhule ndi mwini butchala, mumuuze kuti achimwene mawa mukapha mundichotsere fileti yonse osaidula ndi chikwanje, muisende ndi mpeni, ndilipira mtengo wake wapadera. Mupatseni ndalama yoyambira ndipo mutengane manambala. Musanyinyirike akakukwezerani pang'ono chifukwa mulibe fupa olo limodzi mmenemo. Kwa abale athu omwe mumazinga ng'ombe pa Eid ya Qurbani, musanayambe kugawa chotsani kaye mafileti awiri aja muwaike padera, mukatero mwapeza chinthu chomwe ku mahotela amachigulitsa modula kwambiri.

Gulani nyama yoti a zaziweto aiyeza, yokhala ndi chidindo. Ndipo muiyang'ane nokha, mukaona timatuza toyera ngati njere za mpunga mkati mwa mnofu isiyeni, timeneto ndi tomwe timabweretsa njoka za m'mimba. Nyama yabwino ikhale yofiira bwino, yosaterera, yosanunkha.

China choti mudziwe, ng'ombe zathu za Malawi Zebu nzazing'ono thupi, fileti yake imakhala yowonda kusiyana ndi zimphona zomwe mumaziona pa YouTube zija, nde mukatsatira mphindi za anthu amenewo mupsereza ndalama zanu. Miyezo yomwe ndikupatseni pano ndi ya nyama yokwana kilo imodzi, yodya anthu anayi kapena asanu.

Nyama yoti yaphedwa mmawa womwewo imayamba yalimba kaye thupi pakapita maola angapo, kenako imadzamasuka pang'onopang'ono masiku akamapita. Nde ngati muli ndi furiji yodalirika iikeni pa mbale shelefu ya pansi masiku awiri kapena atatu, muona kusiyana kwake. Koma ngati magetsi akumazimazima kwanuko musayese, ndi kutentha kwa kuno makamaka October ndi November nyama siichedwa kuonongeka, bola kuiphika tsiku lomwelo, fileti ndi fileti ifewabe.

Tsopano kuikonza. Mukaiyala pa bolodi muona mbali imodzi ili ndi kachikopa koyera konyezimira ngati pulasitiki. Kameneko sikasungunuka pamoto olo muphike bwanji, kamangokhwinyata nkupinda nyama yonse, nde kachoke. Lowetsani nsonga ya mpeni wakuthwa kunsi kwake, gwirani kachikopako ndi dzanja linalo mukukoka, mpeni uziyenda mopendekera m'mwamba kuti musamadye mnofu. Chitani modekha, kadzichoka ngati timizere. M'mbali mwake mulinso kanyama kena kotalika kosakanikirana ndi mafuta kongolendewera, kachotseni ndi zala koma musataye, ameneyo ndi kanyenya wa ana kapena wa inu ophika. Mukatero muona kuti fileti ili ndi mutu wonenepa, pakati pofanana bwino ndi mchira woonda. Mchirawo upindireni kunsi kuti nyama yonse ifanane kunenepa kwake, mukapanda kutero mchira upserera pakati pasanapse. Kenako mangani ndi ulusi wathonje wokhuthala, mfundo iliyonse kusiya mpata wa zala zitatu. Wathonje ndithu, osati linya kapena chingwe cha thumba la feteleza, zimenezo zisungunukira pa nyama.

Zokometsera sizifuna zambiri. Mchere masupuni a tiyi awiri osadzadza pa kilo, tsabola wakuda wosinja kumene supuni ya tiyi imodzi, basi. Mchere muthire usiku wake nyama nkugona mu furiji, kapena ngati mwachedwa thirani pomwe mukufuna kuika pamoto. Chonde abale anga musaikulunge m'masamba a papaya, musaiviike mu viniga, musaithire ufa wofewetsera nyama uja. Nzeru zimenezo nza nyama yolimba ya ng'ombe yokoka ngolo, pa fileti zimangoiphwanya kunja nkukhala ngati phala. Maphikidwe ambiri a azungu amathira vinyo kapena burande mu sosi, ine sindithira, patebulo panga pamakhala Asilamu ndi Akhristu omwe ndipo palibe chomwe chimasowa.

Itulutseni mu furiji mphindi 30 musanaphike, yovindikira chifukwa cha ntchentche, nthawi yotentha ija olo 20 zakwana. Ndiye muipukute ndi kansalu koyera mpaka iume kunja kuti gwa. Ichi anthu amachiona chaching'ono koma nyama yonyowa siifiira, imangotulutsa nthunzi nkuwira m'madzi ake omwe, mtundu wake nkukhala wotuwa.

Yatsani uvuni pa madigiri 200 uzitenthera. Ikani felempani yolemera pamoto waukulu, chiwaya chaching'ono chimachitanso bwino, yopyapyala ija imazizira nyama ikangogwamo. Mafuta ophikira masupuni akulu awiri, dikirani mpaka ayambe kuonetsa kautsi, nde ikani nyama imveke kuti tswee. Musaigwedeze. Manja amayabwa kufuna kutembenuza koma isiyeni mphindi ziwiri igwire mtundu, kenako mbali ina, mpaka mbali zonse zinayi ndi kumapeto komwe, zonse pamodzi ndi mphindi 8 kapena 10. Chakumapeto chepetsani moto, ponyanimo batala supuni yaikulu imodzi ndi adyo atatu ongophwanya ndi mpeni osasenda, timasamba tonunkhira ta rosemary ngati muli nato, pendeketsani felempani muzitunga batala wosungunukayo ndi supuni nkumathira pamwamba pa nyama. Mukaika batala poyamba pomwe apserera nkuwawa. Felempaniyo musaitsuke, zomwe zakakamira pansizo tizifuna.

Samutsirani nyama mu thileyi ilowe mu uvuni shelefu ya pakati. Chomwe chimalamula nthawi ndi kunenepa kwa nyama osati kulemera kwake, nde fileti yathu yowonda ija yambani kuiyesa pakatha mphindi 12, zambiri zimakhala zafika pakati pa 15 ndi 20, yonenepa kwambiri imatha kufika 25 kapena 30.

Amene mulibe uvuni kapena magetsi athawa nyama ili kale m'manja musataye mtima, mbaula imagwira ntchitoyi bwinobwino, ndi mmene amayi athu amaphikira chigumu, moto pansi moto pamwamba. Tengani poto wamkulu, thirani mchenga wouma woyera pansi kuzama zala ziwiri, ikani timiyala titatu kuti thileyi kapena mbale yachitsulo ikhale pamwamba osakhudza mchenga. Vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo, makala oyaka bwino ambiri akhale pamwamba, pansi ochepa. Poto atenthe kaye mphindi 15 nyama isanalowe. Kuti mudziwe ngati moto uli bwino wazani kafulawa pa mbale mkatimo, kakafiira pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri zili bho, kakada nthawi yomweyo phulaniko makala. Pakati pa nthawi tembenuzani nyama kamodzi, ndipo musamangovundukula chifukwa kutentha konse kumathawa. Miyezi ya mwera, June mpaka August, ikani mbaula pobisika, mphepo ija imakoleza makala mbali imodzi nyama nkupsa mokondera.

Tafika pomwe timakanganirana nthawi zonse. Anthu akaona nyama yofiirira mkati amati yaiwisi, ili ndi magazi. Amalume anga tsiku loyamba anakankha mbale nkunena kuti mphwanga kabwezere pamoto iyi, ine magazi sindidya. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti magazi anatuluka kale pozinga paja, madzi ofiira omwe akuwaonawo ndi madzi a mnofu osakanikirana ndi chinthu chomwe chimapatsa nyama mtundu wake, amachitcha myoglobin, ndi chomwecho chimapangitsa kuti nyama ya ng'ombe ikhale yofiira pomwe chidali cha nkhuku nchoyera. Analawa kachidutswa kamodzi, mbale ija anaikokeranso kwa iwo.

Ngati muli ndi themomita ya nyama ilowetseni pakati penipeni pa mbali yonenepa. Azungu ambiri amaphula pa madigiri 52 mpaka 55, mkati muli psuu. Ine kuno sindipangira munthu zimenezo, ndi mmene nyama yathu imayendera kuchoka kophera kufika pakhomo. Ndimaphula ikafika 60, ndipo ikamapuma kutentha kumapitirira kukwera kokha mpaka 63 kapena 65, pamenepo nyama yapsa, tizilombo tafa, mkati muli kofiirira pang'ono ndipo madzi ake akadalimo. Ikadutsa 70 yauma, ndalama zija zapita. Themomita palibe? Tengani mpeni woonda kapena kawaya koyera, bayani mpaka pakati, werengani mpaka 10, zulani mukhudzitse kunsi kwa mlomo. Kakazizira sinapse, kakangofunda yatsala pang'ono, kakatentha koma mukutha kupirira phulani, kakakuotchani mwachedwa kale. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, agogo ndi odwala apatseni zidutswa za kumapeto zomwe zimapsa kwambiri, kapena dulani zawo muzibwezere mu felempani mphindi imodzi mbali iliyonse, iwowo asadye yofiirira.

Mukaphula musadule. Ndikubwerezanso musadule, olo alendo akuyang'ana kukhitchini. Iikeni pa mbale, phimbani ndi foyilo mosamanga kapena mbale ina, ipume mphindi 10 mpaka 15. Mukaidula ili yotentha madzi onse amakhuthukira pa bolodi nyama nkutsala youma, pomwe ikapuma amakhazikika mkati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mphindi zimenezi simukhala chabe, ndi nthawi yopanga sosi.

Za tchizi. Kuno siipezeka paliponse, mashopu ena pa Boma amakhala nayo nthawi zina koma ine ndimaitanitsa kwa amene akuchokera ku Blantyre kapena ku Zomba, ndipo ndimawauza kuti aiike mu kula bokosi chifukwa mu minibasi ikafika pa Liwonde imakhala yayamba kale kutuluka thukuta. Gulani cheddar ya chibuluma, dzinali ndi la mudzi wina ku Somerset ku England komwe inayambira, ndipo ikakhala yokhwima yolembedwa mature ndiye bwino kwambiri chifukwa kukoma kwake kumamveka olo muthire yochepa. Gouda, ya dzina la tawuni ya ku Netherlands, imasungunuka bwino koma ndi yozizira mkamwa, nde ine ndimakonda kuphatikiza ziwirizi. Timapepala ta tchizi tokulunga m'pulasitiki tija timasungunuka ndithu koma pa nyama yodula chonchi ayi. Blue cheese, tchizi ya timizere ta nkhungu tabuluu mkati, ena amaikonda kwambiri pa fileti koma fungo lake ambiri kuno sangalipirire, musayambire imeneyo. Amene mumasamala za halaal werengani pa paketi, tchizi zina popanga amagwiritsa ntchito zochokera m'chifu cha thole.

Mufunika batala masupuni akulu awiri, fulawa masupuni akulu awiri, mkaka mamililita 400, tchizi magalamu 150, masitadi supuni ya tiyi imodzi ngati alipo, ndi tsabola wakuda. Mkaka kaya wa m'paketi kaya waufa wosungunula bwino zonse zimatheka, koma chambiko ayi, chimadukaduka pamoto. Majarini amalowa m'malo mwa batala zikavuta ngakhale kukoma kumatsikako. Tchizi igireteni ikadali yozizira, yafunda imangomatirira pa gireta.

Aliyense amene anaphikapo phala sosi iyi sangaivutikire, ndi nzeru yomweyo. Sungunulani batala mu kapoto pamoto wochepa, thirani fulawa, takasani ndi mthiko mphindi ziwiri mpaka fungo la ufa wauwisi lichoke koma usafiire. Ndiye mkaka, wofunditsa kale, muzithira pang'onopang'ono. Koyamba thirani pang'ono chabe, zigwirana ngati nsima, musaope, takasani mpaka zisalale, onjezerani wina, takasani, choncho mpaka mkaka wonse uthe. Mukakhuthulira wonse kamodzi mupeza timibulu. Ilekeni ibwate mofatsa mphindi 4 kapena 5 mukutakasabe mpaka pansi kuti isagwire, ikayamba kumatirira kumbuyo kwa supuni moti mukalemba mzere ndi chala sukutsekeka, yafika. A ku France sosi yoyera imeneyi amaitcha béchamel, ndipo ikalowa tchizi amati Mornay.

Apa mvetsetsani. Phulani poto pamoto kaye, nde muzithira tchizi dzanja limodzi limodzi mukutakasa, ina isungunuke musanaonjezere ina. Tchizi ikawira pamoto imalekana, mafuta amayandama pamwamba kunsi nkutsala timchenga, ndipo ndaonapo ophika odziwa ntchito akutaya poto wathunthu chifukwa cha phuma la pamenepa. Kutentha kwa mkaka kokha nkokwanira kuisungunula. Thirani masitadi ndi tsabola, mulawe musanathire mchere chifukwa tchizi ili nawo kale wambiri.

Felempani ija tinaisunga, ibwezereni pamoto, tsanulani mafuta ochuluka ndi adyo uja, thirani madzi otentha masupuni akulu anayi nkupala ndi mthiko zonse zofiira zomwe zinakakamira pansi. Msuzi wakuda umenewo uthireni mu sosi kudzera pa sefa, pamodzi ndi madzi omwe atuluka pa mbale yomwe nyama ikupumira. Sosi isintha mtundu kukhala ngati tiyi wamkaka, ndipo ndi pamenepa pomwe imasiya kukoma ngati ya makaroni nkuyamba kukoma ngati ya nyama. Koma ngati pansi pa felempani panapserera bii musathire, iwawitsa zonse.

Ikalimba kwambiri onjezerani mkaka wofunda supuni imodzi imodzi. Ikakhala ndi timibulu isefeni, palibe adziwe. Ikayamba kulekana ichotseni msanga pamoto, thiranimo mkaka wozizira pang'ono nkumenya mwamphamvu ndi foloko, nthawi zambiri imabwerera.

Dulani ulusi uja muuchotse wonse, nyama muidule mopingasa zidutswa zonenepa ngati chala chachikulu, ndi mpeni wakuthwa wongotsetsereka osati kucheka ngati sowo. Sosi musaikhuthulire pa nyama yonse mu mbale yaikulu, chikhokho chofiira chomwe munavutikira chija chinyowa, thirani pang'ono pambali pa chidutswa cha munthu aliyense, yotsala ikhale mu kajagi azionjezera okha. Ndipo aitaneni anthu akhale pansi musanadule, sosi ya tchizi ikazizira imagwira khungu pamwamba.

Chodyera chake ine ndimasankha mbatatesi yowotcha kapena mpunga wa Kilombero, ndipo chinangwa chofutsa chofumbutuka bwino chimanyamula sosi imeneyi modabwitsa, yesani tsiku lina. Nsima ndinayesa sizigwirizana, zonse ziwiri nzolemera mkamwa. Pambali pakhale chinachake chowawasa chotsuka kunonako, matimati ndi anyezi ofinyira ndimu, kapena bonongwe wongofwafwaza wopanda nsinjiro.

Zikatsala zilowe mu furiji lisanathe ola limodzi ngati kunja kukutentha, nyama payokha sosi payokha. Mawa lake nyamayo musaitenthetsenso, iduleni mopyapyala muike pa buledi, sosi muifunditse pamoto wochepa ndi kamkaka pang'ono mukutakasa, osalola kuti iwire.